Mayi wa Papepala

Ine ndi amene ndinamupezera mayi mng'ono wanga Saidi. Ndineneretu zimenezi, chifukwa anthu kwathu kuno ku Katuli amaikometsa nkhaniyi pondimvera chisoni, ati zinangochitika. Sizinangochitike ayi. Mayi anali naye kale, wamoyo, yemweyo amene anandibala ine, koma ndinakamufunira wina ku Joni, ndipo tsiku limene zinatheka ndinagula nkhuku ziwiri tinadya mokondwa.

Tinachoka limodzi chaka chimene fodya wathu anabwezedwa kawiri kumsika. Ine ndinali ndi ana atatu, Saidi awiri, ndipo m'mudzi mwathu nyumba iliyonse ya malata mwini wake anali ku Joni. Mwamuna wotsala pamudzi ankaoneka ngati wodwala. Tinatsika phiri la Chowe pa matola, kuwoloka mlatho wa pa Mangochi, kenako m'basi masiku atatu mpaka miyendo kutupa. Pachipata cha m'malire anatidindira masiku makumi atatu oti ticheze. Tinacheza zaka zisanu ndi zinayi.

Ku Durban tinkagona anthu asanu ndi mmodzi m'chipinda chimodzi kuseri kwa sitolo ya mmwenye. Ine ndinkanyamula matumba a simenti pa sitolo ya zomangira nyumba. Saidi anali telala kuyambira kumudzi, telala weniweni, woti akakuyang'ana kamodzi wadziwa kale muyezo wako, tepi amangoikoleka m'khosi kuti anthu amukhulupirire. Ankasoka mayunifolomu a sukulu m'kachipinda kopanda zenera, chitseko chokhomedwa kunja kuti apolisi aziyesa kuti mulibe anthu.

Munthu wopanda mapepala amayenda maso ali kunkhongo. Galimoto ya apolisi ikangokhota pakona, mtima umayamba kuthawa miyendo isanadziwe. Ukadwala umayamba wamwa madzi otentha masiku atatu usanaganize za chipatala. Akakubera sukanena, pakuti wokadandaulayo ndi amene amatsala m'chitokosi. Saidi anagwidwa kawiri. Ulendo wachiwiri anabwera mlomo utatupa, nsapato alibe, ndipo anakhala masiku awiri osalankhula ndi munthu.

Wamkulu m'chipinda mwathu anali a Barnaba a ku Malindi, Mkhristu yekha pakati pa Asilamu asanu, komanso ndi iwo amene ankatidzutsa kuti tisaphonye swala ya m'mawa. Iwo anali atayesa njira zonse zoongoka. Tsiku lina Lamulungu tikuchapa pampopi ndinawafunsa.

"A Barnaba, kodi palibe njira yoti munthu n'kukhala mwamtendere m'dziko muno?"

"Njira zilipo, baba, koma sanalambulire ife," anatero akufinya malaya. "Pali pepala la othawa nkhondo. Ndinaima pamzere masiku atatu. Mayi wa pawindo anandifunsa kuti kwanu kuli nkhondo yanji. Ndinati njala. Anaseka mpaka kuitana mnzake. Pali pepala la ntchito, koma limafuna bwana alembe kuti ntchito yakoyo palibe mwini dziko angaithe, ndiponso ukalipemphere kwanu pasipoti ili bwino. Simenti wakoyo, ukuona ngati Mzulu sangamunyamule? Palinso ukwati. Ukwatire mwini dziko, mukhale zaka, azibwera kudzasuzumira ngati mumagonadi nyumba imodzi. Ine mkazi ndili naye ku Malindi, ndinalumbira paguwa."

"Ndiye basi?"

"Basi. Yatsala ya madobadoba. Imeneyo ine ayi, ndipo iwenso uisiye."

Ine mawu oti ayi sindiwamva bwino, ndi chilema chobadwa nacho. Ndinamusaka dobadoba mpaka ndinamupeza, bambo wa nsapato zosongoka wokonda kulankhula akuyang'ana kumbali. Anandifotokozera kuti kumidzi ya kumeneko kuli anthu ambiri obadwira pakhomo amene sanalembedwe m'kaundula wa boma. Munthu wotere amaloledwa kulembetsa atakula kale, bola pakhale mayi wolumbira kuti mwanayu ndi wanga. Ntchito ya dobadobayo inali kupeza mayi.

Ndinasankha Saidi chifukwa lilime lake linali lopepuka. Chizulu ankachilankhula ngati wobadwira komweko, pomwe ine ndikangopereka moni aliyense ankadziwa kuti uyu ndi Myao. Iye ankakana.

"Achimwene, ndikane amayi ali moyo?"

"Ukukana ndani? Ili ndi pepala chabe. Amayi amadya pepala? Ukapeza ntchito ya pafakitale, malata akakwera panyumba pawo, udzawafunse ngati akudandaula."

"Mtima wanga sukuvomera, achimwene."

"Mtima wakowo unakuthandiza chiyani tsiku anakuvula nsapato lija?"

Ndinamukalipira sabata yathunthu mpaka anagonja. Kwathu kuno mng'ono sakana mkulu wake nthawi yaitali.

Mayi amene anapezekayo anali wokalamba, wamasiye, wa kumudzi wina wa kumapiri, ulendo wa maola atatu kuchokera mumzinda. Tinkangomutcha Gogo. Saidi anakakhala kumeneko milungu iwiri kuloweza mayina a makolo a banjalo, dzina la mtsinje, dzina la sukulu imene amati anasiyira panjira. Atabwerako tinkamuyesa mayeso m'chipinda, wina kumuitana mwadzidzidzi ndi dzina latsopanolo, iye osatembenuka, ife kufa nako kuseka. Tsiku litafika anapita ku ofesi, Gogo analumbira n'kudinda chala. Patapita miyezi ingapo chitupa chinatuluka. Nkhope inali ya Saidi, dzina linali Sipho.

Zinayenda, ndisaname. Analembedwa ntchito pafakitale yosoka zovala, yokhala ndi mazenera ndi tchuthi chomwe. Malata anakwera panyumba ya amayi, ana ake anayamba kupita kusukulu atavala nsapato. Apolisi akamuimitsa ankatulutsa chitupa mwaulesi ngati munthu wotulutsa mpango. Nthawi ina eni dziko atalusa n'kuyamba kusaka alendo khomo ndi khomo, Saidi anatibisa tonse asanu m'chipinda chimene anachita lendi ndi dzina lakelo, iye n'kuima pakhomo kumacheza ndi anthu a zibonga m'chinenero chawo. Titatuluka ndinawayang'ana a Barnaba.

"Mwaona? Pepala munkalinyoza lija lakupulumutsani."

Ine ndinkayenda chifuwa chili patsogolo.

Cholakwa chathu chinali chimodzi, ndipo ndi cholakwa cha anthu a kwathu. Anzathu a mayiko ena akangolandira chitupa, mayi wa papepalayo samuonanso, nambala yake amafufuta tsiku lomwelo. Saidi sanathe kutero. Ife tinaleredwa kuti munthu amene wamutcha mayi sungamudutse ngati chitsa. Mwezi uliwonse ankakwera minibasi ndi thumba la ufa, shuga ndi mafuta ophikira. Anamusokera madiresi a kutchalitchi, anamukonzera denga lodontha, ndipo atadwala mwendo anamubereka kumsana mpaka pamsewu. Ine ndinkangomuseka.

"Wabwerako kwa amako, Sipho?"

"Achimwene, mayi uja amakhala yekhayekha. Akandiona patali amayamba kusonkha moto asanandipatse moni."

"Usazolowere. Pepala lija tinapangira apolisi."

Galimoto inamugunda Saidi m'mawa wa Lachiwiri akuwoloka msewu kupita kuntchito. Ine uthenga unandipeza masana, thumba la simenti lili paphewa. Pofika ku motchale ndi a Barnaba tinapeza Gogo atakhala kale pabenchi, atafunda bulangete, pambali pake pali mwana wa mchimwene wake, mwamuna wamtali wogwira ntchito ya ulonda. Apolisi anali atapeza chitupa m'thumba, ndipo kufakitale, pamzere wolemba wachibale, panali dzina la Gogo. Ndinadutsa Gogo ndi mlondayo n'kupita pawindo.

"Ndabwera kudzatenga thupi la mng'ono wanga."

"Dzina lake?" anafunsa kalaliki.

"Saidi."

Anayendetsa chala m'buku mpaka pansi. "Muno mulibe Saidi."

A Barnaba anandiponda phazi. "Sipho," ndinatero.

"Inu ndinu ndani wake? Tione chitupa chanu."

M'thumba mwanga munali pasipoti imene masiku ake anatha ana anga ali aang'ono. Kalalikiyo analoza pabenchi ndi cholembera, nati mayi wake wa malemu ali apo, ndikalankhule nawo.

Tsiku limenelo sindinaope kwenikweni. Amalawi tinali ndi bungwe lathu la maliro, ndipo pofika madzulo anzathu anali atapeza kale galimoto, shehe wathu atagula sanda, nsalu yoyera yokulungira thupi. Tinati zikatheka timutengere kumudzi, zikavuta timuike mawa lomwe pakati pa Asilamu anzake. Ndinkayesa kuti Gogo akungofuna kangachepe kuti adinde chala n'kutisiyira maliro athu. M'mawa mwake tinakwera minibasi kupita kwawo.

Tinapeza tenti itaimikidwa kale pabwalo, ng'ombe itamangiriridwa pamtengo, amayi a kutchalitchi akuimba m'nyumba. Kuseri kwa khola amuna awiri ankayeza malo ndi ndodo, pafupi ndi manda a mwamuna wake wa Gogo. Anthu awa sankachita masewera, ankalira maliro awo.

Gogo anali pamatiresi pansi, kandulo ikuyaka pambali, zovala za malemu zitayalidwa monga amachitira kumeneko. Pamwamba penipeni panali malaya amene ndinamugulira ine pa Idi. Ndinagwada, a Barnaba akundithandiza pomwe Chizulu changa chaperewera.

"Gogo, mukudziwa bwino kuti uja si mwana wanu. Tinagwirizana. Amayi ake ali moyo ku Malawi. Uja ndi Msilamu, ayenera kusambitsidwa ndi Asilamu anzake, kukulungidwa m'sanda, kuikidwa msanga. Nenani chimene mukufuna tikupatseni."

Ndinaika envelopu pamatiresi. Sanaiyang'ane n'komwe. Anauza amayi oimba aja kuti ayambe atuluka, kenako ananditembenukira.

"Ndimakudziwa iwe. Mumayenda mofanana ndi mng'ono wako. Ankandiuza kuti ndiwe waukali koma mtima wako si woipa. Tamvera. Sipho ndinamubaladi ine. Ndinamubalira pafamu ya mzungu ndili mtsikana. Anamwalira asanamere mano, anamukwirira m'mphepete mwa munda wa nzimbe ine ndili kuntchito, ndipo pamene anagona sindipadziwa mpaka lero. Sindinabalenso. Bambo uja atabwera kudzafuna mayi ndinavomera chifukwa cha njala, atandifunsa dzina ndinatchula limenelo. Ndinkayesa ndidzamuona kamodzi basi. Koma anabweranso. Zaka zonsezi wakhala akugogoda pachitseko icho n'kumati mama. Ndinamutuma ndine? Amako atsala ndi iwe. Ine ukamutenga nditsala ndi chiyani? Kawiri konse ndisadziwe pomwe mwana wagona?"

Ndinabwera nditakonzeka kukangana ndi wakuba. Ukali wanga wonse unasowa pogwira. Ndinayang'ana a Barnaba kuti mwina anene kanthu, ndinapeza akupukuta maso ndi chipewa.

Panja mlonda uja anandikokera kuseri kwa nyumba. Sanakalipe, analankhula modekha, ndipo n'chimene chinandiopsa kwambiri.

"M'bale wanga, ukhoza kupita kupolisi kukanena zoona. Azakhali anga akamangidwa chifukwa cholumbira bodza. Iwe akakutsekera n'kukubweza kwanu. Thupi likhala mufiriji mpaka mlandu udzathe, ndipo milandu ya kuno sithamanga. Pomaliza boma lidzamuika lokha, popanda dzina lililonse. Kapena ukhale chete, Loweruka aikidwe ngati munthu. Sankha wekha."

Ndinafunsa shehe, ndinafunsa loya wina wothandiza alendo, ndinafunsa ngakhale dobadoba uja, amene anangodula foni. Onse mawu anali amodzi, akuti pepala likunena Sipho. Ndinapempha kuti andilole kungomusambitsa, koma osamala matupi anati ntchito imeneyo anamaliza kale. Kumudzi ndinaimba foni n'kunena kuti mayendedwe avuta, tiika konkuno. Zambiri sindinanene.

Loweruka ndinamuona mng'ono wanga m'bokosi lonyezimira, atavekedwa suti ndi tayi, ndevu atamumeta, nkhope itapakidwa zoyera. Munthu amene sanaphonyepo swala ya Lachisanu! Ndinamuyang'ana mpaka wina anandikankha kuti mzere uyende. Kenako wotsogolera mwambo anati mnzake wa kuntchito alankhulepo, ndipo maso onse anatembenukira kwa ine. Ndinaimirira. Ndinati Sipho anali munthu wabwino, Sipho anali wolimbikira ntchito, Sipho ankakonda amayi ake. Katatu ndinalitchula dzinalo ndi pakamwa pangapa, anthu n'kumavomereza. Anamutsitsa ndi nyimbo, ndipo mutu sindikudziwa kuti unaloza kuti. Ndinkafuna kutsalira pamandapo anthu akabalalika, koma mlonda uja sanandichotse maso, komanso minibasi yobwerera kumzinda inali ikuliza hutala pamsewu. Ndinakwera.

Simenti anayamba kundilemera. Patatha mwezi ndinalongedza makina osokera a Saidi n'kukwera basi yobwerera kwathu. Pachipata bwana woona zolowa ndi kutuluka anatsegula pasipoti yanga, anawerenga zala, anapukusa mutu. Anadinda chidindo n'kundipatsa kalata yonena kuti sindiloledwa kupondanso m'dzikomo kwa zaka zisanu. Zaka zonse zija ndinkalira pepala la boma limenelo lokhala ndi dzina langa, ndipo ndinalilandira potuluka. Sindinadandaule. Ndinati ndikafunakonso chiyani kumeneko.

Kumudzi ndinapeza mlamu wanga ali m'nyumba pa eda, miyezi imene wamasiye amakhala osatuluka. Ana anga anandipatsa moni wa alendo. Amayi anandilandira pakhonde, maso awo atayamba kuchita ng'ala. Bodza ndinali nditalikonza bwinobwino njira yonse, koma atandigwira kumaso ndi manja awo linasungunuka. Ndinanena zonse, za dobadoba, za chitupa, za Gogo, za suti. Ndinkadikira temberero. Koma iwo anangondifunsa:

"Mayiyo analira?"

"Analira, amayi. Anachita kumugwira anthu."

"Akapita kumeneko ankamupatsa chakudya?"

"Ankamupatsa."

"Ndiye ndilibe naye mlandu. Nanga pamanda anamuitana ndani?"

Kwathu tikakwirira munthu, shehe amakhala pansi chakumutu kwa manda n'kumuitana womwalirayo ndi dzina lake pamodzi ndi la mayi womubala, kumukumbutsa zoyankha angelo akabwera kudzamufunsa. Aliyense wodutsa ku madrasa amazidziwa, inenso mawu ake ndimawatha.

"Palibe, amayi."

"Iwe unali pomwepo."

"Ndinali pomwepo."

"Pakamwa unali napo."

Ndinawerama ngati mwana wogwidwa ndi nzimbe za eni.

"Ndiye mwana wanga wagona kumeneko," anatero, "akumva anthu akuitana dzina la mwini, iye n'kumadikira lake."

Shehe wa pamudzi anabwera n'kuwauza kuti Mulungu sasokonezeka ndi zitupa za boma, amadziwa anthu ake. Tinaswali swala ya munthu wofera kutali, tinachitanso sadaka. Amayi anamvetsera zonse mwaulemu, ndipo anthu atabalalika anandiitana.

"Mafupa sindikuwafuna. Mayi uja asunge, wavutika naye. Koma iwe ubwerere. Ukakhale pansi chakumutu, ukanene mokweza kuti Saidi mwana wa Asiyatu, kamodzi kokha, amve. Ukatero ndifa bwino."

Ndinalowa m'nyumba, ndinatenga pasipoti ija n'kuika chala chawo pachidindo, ngakhale sadziwa kuwerenga. Ndinawafotokozera za zaka zisanu. Ndinati ndikhoza kuimbira anzanga otsala kumeneko apite m'malo mwanga.

"Anzakowo ndi amene anamupatsa dzina lina? Unamupatsa ndiwe, ukamubwezere lake ndiwe."

"Ndiye ndidzera kutchire, amayi. Anthu amawoloka mtsinje, amafika."

"Kutchire ayi! Njira zokhota zandidyera mwana mmodzi, zakwana. Ukalowe pachipata masana, ndi dzina limene ndinakupatsa ine."

Mvula yagwa kawiri chibwerereni. Ndimalima chimanga, nthawi zina ndimapalasa kabaza pa Namwera. Amayi tsopano saonanso, ndipo kumunda anasiya kupita. Akadwala chifuwa ndimakhala pakhomo osapita kulikonse, mtima uli m'mwamba. Lachisanu lililonse ndikamachokera kumzikiti amandizindikira ndi mapazi ndisanafike pakhonde.

"Zatsala zingati?"

"Zitatu, amayi."

Amapinda zala zitatu pang'onopang'ono, n'kuzigwira ndi dzanja linalo.

"Zitatu," amatero. "Chabwino. Ndiyesetsa."